Tulo tomwe ndinakagula ku Cyrildene

Chilonda changa chili mwendo wamanzere, pamwamba pang'ono pa kakolo, mbali ya mkati. Pamene chinafika poipitsitsa chinali chachikulu ngati pakamwa pa kapu ya tiyi. Lero chatsala ngati kandalama ka R2, ndipo m'mbali mwake mwayamba kumera kakhungu kotuwa. Ndakhala nacho miyezi 19. Ndikulemba pano mwendo uli pamwamba pa mapilo awiri ndi chikwama cha zovala, poti ndi mmene ndimakhalira masiku ano ndikaweruka.

Chimvekereni kuti ndinkapita kwa dokotala wa ku China kukabayidwa masingano, zija amati acupuncture, anzathu akumudzi amene tili nawo kuno amandifunsa funso limodzi lomweli: "Ndiye achimwene, chinapola ndi masinganowo?" Ndikati ayi, amati ndinataya ndalama. Ndikati sindinataye, amandiyang'ana ngati ndikuwazemba. Ndiye ndilembe kamodzi, aliyense adziwerengere yekha.

Ine ndine wophika. Kuno ku Joni ndakhala zaka 16, ndipo zambiri mwa zakazi zathera ndili chilili kutsogolo kwa chitofu, maola 10 pa tsiku, Loweruka mpaka 12. Koma si khitchini yokha inandipha mwendo, inathandizana ndi basi. Mu Disembala 2017 ndinapita kwathu ku Ntcheu. Amene anayendapo ulendowu akuudziwa: kunyamuka pa Park Station, kuchezera pamzere pa Beitbridge, kudutsa Harare, Nyamapanda, mlatho wa Zambezi ku Tete, Zobue, kenako Mwanza. Popita ndi pobwera pomwe ndinakhala kuwindo, maondo opinda, kumapazi kuli katundu wa eni ake, osatha n'kuwongola komwe. Nditabwerera mu Januwale, katumba wa kumanzere anatupa, kutentha, kulimba gwa ngati chinangwa chachiwisi. Kuchipatala anati magazi aundana mumtsempha, DVT. Ndinamwa warfarin, mankhwala osungunula magazi, miyezi 6, kutupa kunaphwa, ine n'kuiwala.

Mwendo ndiye sunaiwale. Zaka zikupita, khungu la pakakolo linayamba kuda kuposa pena paliponse, kuuma, kuyabwa, madzulo sokosi n'kumasiya mzere wakuya. Chaka chatha mu Epulo ndinadzigunditsa pa ngodya ya kireti ya zakumwa. Kanali kokalika chabe, koti ngakhale mwana sangalire nako. Sikanapole.

Zomwe ndinathirapo miyezi yoyamba ndimachita nazo manyazi: madzi amchere, jivi, spiriti, ufa wa m'makapisozi amene mnzanga wina anati salephera. Amayi anga atamva pa foni sanachedwe n'komwe kupeza chifukwa. "Waponda, mwananga. Kumeneko kuli anthu a mitundu yonse, wina wakutchera pakhomo la ntchito. Bwera kuno akuteme mphini." Sindinapite. Osati kuti ndinali wanzeru, koma tchuthi ndinalibe.

Ululu wa chilonda chotere suli ngati wa bala la mpeni. Mpeni ndimaudziwa ine, zala zangazi n'zipsera zokhazokha. Bala la mpeni limawawa, mawa lake n'kuleka. Ichi masana chimangolemera, ngati akumangirira njerwa kumwendo, ndipo ntchito ikachuluka umaiwalako. Usiku ndiye chimadzuka. Cha m'ma 1 koloko chimayamba kutentha ngati wina akufinyirapo tsabola wa kambuzi, kenako kulasa, tsiku lina kuyabwa koti ungakande ndi foloko. Ukatembenukira uku, bulangeti lakhudza. Ukatembenukira uko, mwendo winawo wagunda. Ndinkadzuka, kukhala pampando mumdima, kumvetsera agalu a pa aneba ndi magalimoto a mumsewu mpaka alamu ya 5 koloko. Miyezi yambiri tulo tanga tinali maola awiri, pena atatu. Munthu wosagona amasanduka wina. Ndinayamba kukalipira anyamata a m'khitchini pa zinthu zopanda pake, mchere ndinkathira kawiri, ndipo tsiku lina ndinangoima ndi chipande m'manja osadziwa kuti mumphikamo ndimafuna kutani.

Ndiye pali fungo, lomwe anthu odwala zilonda sitikonda kulitchula. Madzi a chilonda ankalowerera bandeji mpaka thalauzi kunyowa. Tsiku lina mu takisi mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anatsegula windo kunja kukuzizira, mu Julayi. Sanalankhule kanthu. Bola akanalankhula. Kuchokera tsiku limenelo kutchalitchi ndinasiya, misonkhano ya gulu lathu la maliro ndinkangotumiza ndalama. Mayi a kunyumba ankachapa zofunda tsiku lililonse osadandaula, ndipo kusadandaulako n'kumene kunkandiwawa. Ndinasamukira pa matiresi apansi, ati kuopa kuti angandigunde kutulo. Onse awiri tinkadziwa kuti chifukwa chake si chimenecho. Kuntchito ndinkakulunga pulasitiki pamwamba pa bandeji, mtima uli m'mwamba kuti bwana akadziwa andiuza kuti khitchini si malo a munthu wa chilonda.

Miyezi 8 ndinkapita ku kiliniki ina, dzina ndisunge. Ankatsuka, kuika gozi, kukulunga, wotsatira alowe. Gozi uja ankauma n'kumatirira, pomatula ankachoka ndi kamnofu komwe kanayamba kumera. Sindiwada kwenikweni, pamzere tinkakhalapo khwimbi. Koma palibe tsiku lomwe wina anandifunsa ngati ndimagona.

Zinasintha nditatumizidwa kwa sista wina wodziwa za zilonda. Mayi ameneyu asanakhudze chilonda anandigoneka chagada, n'kuyeza BP pamkono, kenako pakakolo, akumvetsera ndi kachipangizo kotchedwa Doppler kamene kamalira fuu, fuu, fuu magazi akamadutsa. Anagawa nambala ya pakakolo ndi ya pamkono, inatuluka 1.0. Anati zili bwino, magazi akufika kuphazi, vuto ndi kubwerera kwake. Anandifotokozera kuti m'mitsempha yobweza magazi kumtima muli timavalavu, ndipo katumba ndiye pampu yake, imapopa munthu akamayenda. Magazi aja ataundana anawononga timavalavuto. Ine nthawi yomweyo ndinaona mjigo wa kwathu: kavalavu ka pansi kakatha, umapopa mpaka thukuta, madzi akungobwerera kudzenje. Magazi akamadikha choncho kumunsi, khungu limafooka mpaka kuphulika. Anati zilonda zambiri za m'miyendo zosapola zimayamba motere, koma anandiyezetsabe shuga ndi HIV, poti zina zimabwera ndi shuga, zina ndi sickle cell, zina n'kukhala khansa ya pakhungu.

Mankhwala ake anandidabwitsa. Si jakisoni, si mafuta odula ayi, koma kumanga. Mabandeji anayi, lina pamwamba pa linzake, kuyambira kuzala mpaka pansi pa bondo, othina kwambiri pakakolo n'kumalekerera pokwera, kuti magazi akankhidwire kumtunda. Amasintha kamodzi pa sabata, likanyowa kawiri. Apa ndichenjeze, chifukwa ndikudziwa kuti wina awerenga izi n'kukagula bandeji pa shopu. Nambala ija ikatsika pansi pa 0.8 ndiye kuti mitsempha yobweretsa magazi ndi imene yatsekeka, ndipo kumanga mothina kungaphe phazi. Pamzere wa kwa sista ndinkakumana ndi mdala wina wosuta fodya, chilonda chake chinali kuchala. Iye ululu unkakula akakweza mwendo, usiku ankachita kuulendewetsa m'mbali mwa bedi kuti apumeko, phazi lozizira ngati lotuluka mufiriji. Ine ndikakweza ndimapumula. Tonse tinali a zilonda, koma bandeji langa likanamudulitsa mwendo.

Tsono bandeji lija masabata oyamba linawonjezera moto. Masana ndinkapirira, usiku ndinkalakalaka kuliduladula. Kawiri ndinadzuka n'kutenga sizasi. Ulendo wachiwiri mayi a kunyumba anandigwira dzanja: "Abambo, mukadula limeneli mawa mukapita nokha kwa sista, ine sindikuperekezani." Panado sankamveka n'komwe. Bulufeni ndinkamwa mopyola muyezo, m'mimba mulibe kanthu, mpaka chifuwa chinayamba kutentha, dokotala n'kundiletsa kuti ndiwononga m'mimba ndi impso. Ndinatsala ndi mankhwala oti akuchiritsa koma osapiririka, popanda chondigoneka.

Ku Cyrildene, dera la masitolo a Atchaina kuno ku Joni, ndimapitako kawiri pa mwezi kukagula za kuntchito, sosi wa soya, tofu, mpunga, masamba awo aja. Ndi msewu wa Derrick Avenue, uja uli ndi zipata zazikulu zachitchaina. Mayi wina wa sitolo yomwe ndimagulako anaona ndikutsimphina, anafunsa, ndinamuuza. Analoza chitseko china chapafupi. Ndinaimbira mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku Lilongwe, kuti amve. Anapumira m'mwamba kaye. "Ababa, ngati mwatsimikiza, zinthu zitatu. Muone satifiketi pakhoma, masingano atsegule pamaso panu, ndipo asakhudze chilondacho." Kuno ku South Africa ochita acupuncture amayenera kulembetsa ku bungwe la Allied Health Professions Council of South Africa, ndipo dzina la munthu ukhoza kulifufuza. Ndinafufuza, linalipo.

Kachipinda kake kanali kakang'ono, kofunda, konunkhira ngati udzu wouma wosakaniza ndi mankhwala a chifuwa. Patebulo panali kachidole ka munthu wamaliseche kolembedwa mizere ndi timadontho thupi lonse. Dokotalayo, bambo wachikulire wolankhula motsitsa, anandiuza kuti timadontho todziwika tilipo 361, ndipo kwawo akhala akubaya anthu motere zaka zoposa 2,000. Anati ndilavule lilime. Analiyang'ana nthawi yaitali ngati akuwerenga kalata. Anagwira pamkono ndi zala zitatu, kumanja, kenako kumanzere. Ndiye anayamba mafunso: ululu umabwera nthawi yanji, umatentha kapena umalasa, ndimadya bwanji, kuchimbudzi kumayenda bwanji, ndimamwa mankhwala osungunula magazi kapena ayi, ndimagona maola angati. Pa funso la tuloli pakhosi panga panatseka. Chaka chathunthu ndikuyenda m'zipatala, munthu woyamba kundifunsa zimenezi anali wa ku China.

Ndinayamba kupinda thalauzi kuti aone bandeji. Anapukusa mutu. Anati limenelo ndi la sista, iye salimasula, ndipo mwendo wotupa pansi pa bondo sabayapo, chifukwa khungu lotere likaboola kabowo kakang'ono majeremusi amalowa msanga ndipo pangabadwe chilonda china. Mtima wanga unakhala pansi pomwepo.

Singano zake si za jakisoni ayi. N'zopyapyala ngati ndevu ya mphaka, zopanda bowo mkati, iliyonse m'kapepala kake komata. Anabaya 12. Imodzi pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, malo omwe anawatchula kuti Hegu. Ina mwendo wabwinowo, kunsi kwa bondo chakunja kwa msongolo, ati Zusanli. Zina m'khutu, pamkono, imodzi paliwombo penipeni. Polowa sizimveka, udzudzu umaposa. Koma akaipotoza pang'ono pamabwera kanthu kena, kulemera kosakaniza ndi dzanzi, kukuyenderera mkati mwa mnofu. Ndinati "aa!" iye n'kumwetulira kuti n'zomwe amafuna. Anaika pilo kumwendo wodwalawo, kundifunditsa kansalu, kuzimitsa getsi, n'kutuluka. Anati abwera pakatha mphindi 30.

Anachita kundigwedeza. Ndinagona tulo tofa nato, malovu ali chuchuchu pa pilo wa eni ake, masingano ali m'thupi ngati nungu. Usiku wa tsiku limenelo ndinagona kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko. Mayi a kunyumba akuti anadzuka kawiri kudzamvetsera ngati ndikupuma.

Ndinapitako ka 10, masabata atatu oyamba kawirikawiri, kenako kamodzi pa sabata. Ulendo uliwonse R400. Werengani nokha, ndi R4,000, ndalama yoti kumudzi akanaiona pa feteleza. Mwana wanga sanandilekerere. Tsiku lina anandiimbira atakonzeka ngati akupita kukhoti. Anati ku Germany anachita kafukufuku wamkulu, zotsatira zake zinatuluka mu 2007, pa anthu oposa 1,100 odwala msana. Ena anawabaya m'malo oyenera, ena anangowabaya pamwambamwamba m'malo oti si a acupuncture, ena anawapatsa chithandizo cha masiku onse. Obayidwa moyenera amene anapezako bwino anali pafupifupi 48 pa 100 alionse, obayidwa mwachinyengo 44, a chithandizo wamba 27.

"Mwamva, ababa? Kubaya pena paliponse n'chimodzimodzi. Mizere ya pa chidoleyo palibe anaionapo m'thupi la munthu. Ndipo umenewo ndi msana, si chilonda."

Ndinamuuza kuti ndamva bwinobwino, koma iye akuyang'ana 48 ndi 44, ine ndikuyang'ana 44 ndi 27. Ngakhale a ku Germany komweko pambuyo pake inshulansi yawo inayamba kulipirira masingano kwa odwala msana ndi bondo, iye yemwe anavomera. Anati thupi likabayidwa limatulutsa mankhwala ake ochepetsa ululu, ma endorphin, ndiponso munthu akagona phee theka la ola, mwendo uli m'mwamba, wina atamumvetsera, ululu umatsika ndithu. Ndinati chabwino, kaya ndi qi, mphamvu yomwe Atchaina amati imayenda m'thupi, kaya ndi endorphin yako, kaya ndi pilo, ine ndagona. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anaseka, n'kunena kuti bola bandeji ndisasiye.

Pamenepo ndiye anakhoza, ndipo ndikufuna zimveke. Sista ankaika kapulasitiki koonekera pachilonda n'kujambula m'mbali mwake ndi cholembera, sabata ndi sabata, n'kusunga mufayilo. Zojambulazo ndinaziona zonse zitayalidwa patebulo. Chilonda chinayamba kuchepa sabata lachitatu la bandeji, ndisanaponde kwa dokotala wa masingano, ndipo chinapitiriza kuchepa mwa liwiro lomwelo ndikubayidwa komanso nditasiya. Masingano sanachifulumizitse. Fungo nalo silinathe ndi masingano, linatha ndi jelo wa metronidazole ndi zomatira za makala zomwe sista anaika. Ululu wa posintha bandeji unali womwewo, ndinkalumabe thaulo.

Chimene chinasintha ndi usiku. Sista ankandifunsa kuti ululu uli pati pakati pa 0 ndi 10. Usiku ndinkati 8, pena 9. Pofika ulendo wachinayi wa masingano ndinkati 5, ndipo 5 munthu umagona naye. Tulo tinafika maola asanu, pena asanu ndi limodzi. Phindu lake silinkakhalitsa, pakatha masiku anayi moto unkayamba kubwerera, n'chifukwa ndinkabwererako. Koma miyezi iwiri imeneyo ndi yomwe bandeji linali lowawitsitsa, ndipo sizasi sindinaigwirenso. Ndikadziyang'ana bwino, popanda tulo timene tija bandejilo ndikanalidula, ndipo lero bwenzi ndikulemba nkhani ina.

Si zonse za kumeneko zomwe ndinalandira. Dokotala anafuna kundigulitsa timapaketi ta mizu ndi makungwa toti ndiziwiritsa. Ndinafunsa sista, anati zosadziwika zomwe zili mkati ndisamwe, makamaka munthu amene magazi anandiundanapo ndipo tsiku lina ndingabwererenso pa warfarin. Ndinakana, ndipo nkhope ya dokotala inagwako pang'ono. Tsiku lina anabwera ndi kandudu kakakulu ka zitsamba koti ayatse pafupi ndi khungu. Ndinati moto ndimakhala nawo kuntchito tsiku lonse, kuno ayi.

Amayi nditawafotokozera za masingano anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye wakana mphini za kwanu, n'kukalipira mphini za Atchaina?" Ndinasowa poyankha msanga, chifukwa penapake akunena zoona: kuboola khungu kuti ululu uchoke si nzeru ya mtundu umodzi. Ineyo pachifuwa ndili ndi mphini zisanu ndi imodzi za ndili mwana. Kusiyana kwake ndi kwakuti akanandipeza chaka chatha, lezala likanadutsa pamwendo wotupa womwewo, m'mbali mwa chilonda, n'kupakapo phulusa la mankhwala, mwinanso lezala lomwe latema anthu ena m'mawa womwewo. Izi ndinawauza mwaulemu, poti ndi amayi.

Kuntchito ndinalimba mtima n'kumuuza bwana. Sanandichotse. Anandipatsa kampando kakatali koti ndizikhalapo posenda ndi podula, ndipo pa nthawi yopuma ndimagona pabenchi kuseri kwa sitolo, mapazi atatsamira khoma, anyamata akundiseka kuti mdala wayamba masewero. Ndikaima pa chitofu ndimanyang'ama ndi zala, kukwera, kutsika, kupopa mjigo uja. Matiresi apansi tinawabweza kwa mwini wake. Kutchalitchi ndinabwerera mu Okutobala, ndinakhala pakati penipeni pa benchi, ndipo palibe anasuntha.

Lachiwiri lapitali sista anajambula kachilonda kaja, n'kuika kapulasitiki katsopano pamwamba pa koyamba kuti ndione. Kanalowa mkati ngati diso la nkhuku m'mbale. Anati kakatsekeka ndisasangalale msanga, zilonda zotere zimabwerera, ndiye ndizivala masokosi othina aja tsiku lililonse moyo wanga wonse, komanso andilembera kalata kwa madokotala a mitsempha kuti akaone ngati pali mtsempha wofunika kutseka. Anandiyeza kakolo ndi katumba ndi tepi ngati telala. Ndinafunsa ngati akuda alipo, chifukwa otuwa aja pa khungu langali amaoneka ngati ndabwereka mwendo wa mzungu. Alipo.

Matikiti a Disembala tagula kale. Ulendo uno mpando ndi wa pakanjira, ndipo paliponse basi ikaima ndizitsika n'kuyenda, kaya ndi usiku. Dzulo amayi anaimba kufunsa tsiku lofika, anatchula zofuna zawo, mafuta ophikira, bulangeti, shuga. Atatsala pang'ono kudula foni anatsitsa mawu.

"Timasingano tija, sangakugawireko tiwiri? Msanawu wandivuta."